Chambo chimene ndinagulitsa mabwato ali pamtunda

Anzanga, pa nkhani yolemba malonda a nsomba, kuno kugombe la Salima palibe wondiposa, ndipo funsani aliyense ngati mukuyesa ndikudzitama. Ena amangoika chithunzi n'kulemba kuti chambo chilipo, basi. Ine ndikalemba, munthu ali mu ofesi ku Lilongwe amayamba kumeza malovu nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Luso lomweli ndi limene linandichititsa manyazi chaka chatha.

Zinayamba ndi kavidiyo ka malangizo a bizinesi kamene ndinaonera pa foni. Mayi wina wotchena ankati wamalonda wanzeru salemba tsiku ndi tsiku, amakhala pansi kamodzi n'kulemberatu mauthenga a sabata yonse, n'kuwatchera kuti azituluka okha pa tsamba lake la pa intaneti. Akatero azimitse foni, mutu upume. Ndinati eya, ameneyu akunena ine! Mchemwali wanga wa ku Maganga anali atandidandaulira kale kuti ndikamuthandize kumweta mpunga, ndiye ndinaona kuti mpata wake ndi womwewu.

Lamlungu nditaweruka kutchalitchi ndinakhala pakhonde, ndipo mawu ankangobwera okha. "Ndili pagombe pano, nyanja yagona phee, chambo changotsika m'bwato chikuphiriphitha." Umenewo unali wa Lachiwiri. Wa Lachitatu unaposa pamenepo, wa Lachinayi ndinachita kudziombera m'manja ndekha. Zithunzi ndinangotenga zakale, chambo n'chambo basi. Ndinatcheranso yankho loti aliyense wondilembera azilandira pompo: "Zikomo bwana, nsomba zanu tasunga, ingobwerani." Ndinkaopa chiyani? Makasitomala anga amatenga katundu Lachisanu, ine ndibwerera Lachinayi, ndipo Che Saidi, eni mabwato amene ndimapikulako nsomba, sanandikhumudwitsepo.

Ndinazimitsa foni n'kukwera kabaza. Lolemba masana mwera unayamba, mphepo yakum'mwera ija yoti ikakwiya msodzi aliyense amakokera bwato pamtunda. Kumundako unkandilanda mpango kumutu, mankhusu a mpunga kundilowa m'maso, ine n'kumangoti koma kukuzizira chaka chino. Mwana wobadwira kunyanja ine, mutu wanga sunalumikize n'komwe mphepoyo ndi zimene ndinasiya nditalemba. Mpunga unachuluka, ndinagonanso Lachinayi, ndipo pamene ndinati ndiyatse foni, batire linali litafa kalekale. Kwa mchemwali wangayo kulibe magetsi.

Lachisanu dzuwa litakwera ndikutsika kabaza, ndinaona galimoto yoyera pakhomo panga, kumbuyo kwake mabokosi a ayisi. Anali Mai Gondwe, eni malo odyera ku Lilongwe, kasitomala amene akandisiya bizinesi yanga ingagwe mwendo umodzi. Mawa lake kunali chinkhoswe cha mwana wawo wamkazi, ndipo anali atalonjeza akuchimuna kuti adzadya chambo cha ku Salima. Anati anandiimbira osandipeza, koma nthawi iliyonse akalemba ndinkawayankha mwaulemu kuti nsomba ndasunga, ndiye anangoti abwere okha.

Apa munthu wanzeru akanagwada n'kuulula. Ine ayi. Ndinati tiyeni kugombe, mumtima ndikupemphera kuti mwina pali wamisala mmodzi amene analowa m'madzi.

Kugombeko mafunde ankachita kubangula, mchenga ukutimenya m'miyendo, mabwato onse ali gadaa pamtunda. Che Saidi anali atakhala kuseri kwa bwato lawo akusoka ukonde, ndipo moni wanga anauyankha osadzutsa mutu. Mai Gondwe, dzanja lina litagwira chitenje kuti chisauluke, anatulutsa foni n'kuyamba kundiwerengera mokweza uthenga wanga wa m'mawa umenewo, woti nyanja yadzuka yofatsa ndipo ine ndanyowa mpaka m'mawondo posankha zonona. Anawerenga bwino, mpaka amayi ogulitsa zitumbuwa anasendera pafupi. Ngakhale ndinali m'madzi otentha, ndinamva kuti chiganizo chimenecho ndinachiluka bwino.

Asanamalize, foni yawo inalira. Unali uthenga wanga womaliza, umene ndinautchera kuti utuluke Lachisanu masana: "Zatha zonse! Zikomo nonse amene munafulumira."

Nkhope ya Mai Gondwe inasintha. "Mai a Chisomo, nsomba za chinkhoswe cha mwana wanga mwagulitsa kwa ena?"

Ndiye tangoganizani. Ndivomere kuti ndagulitsa nsomba zawo, kapena ndiulule kuti nsombazo sizinakhaleko n'komwe? Ndinasankha chachiwiricho, ndipo ndinafotokoza zonse, za kavidiyo, za mpunga, za batire, gombe lonse likumvetsera. Amayi a zitumbuwa aja anaseka mpaka wina anakhala pansi.

Pamenepo m'pamene Che Saidi anaika ukonde pambali. Kani sabata yonse anali atandikwiyira, poganiza kuti ndapeza msodzi wina wolimba mtima amene akundigulitsa nsomba mwamseri.

"Walahi amayi," anatero, "Lachitatu mwana wanga atandiwerengera zimene munalemba, ndinatuluka m'nyumba kukaionanso nyanja. Ndinkati mwina yabata ine osadziwa."

Mwamva? Munthu amene wakalambira pamadzi anakayikira maso ake chifukwa cha zolemba zanga! Manyazi anali pomwepo, koma kunena zoona mtima unakoma.

Chinkhoswe chinapulumuka ndi akazi awo a Che Saidi, amene anali ndi chambo chowamba chimene ankasungira msika wa ku boma. Anavomera kutipatsa, ndipo ine ndinayenda khomo ndi khomo mudzi wonse kupempha chotsala, dengu lili pamutu, ana akundifunsa ngati nyanja yagona phee. Mai Gondwe anakhuthula ayisi wawo pansi, n'kulongedza nsomba zouma m'mabokosi aja n'kunyamuka. Ndinkadziwa kuti kasitomala wapita.

Patatha masabata angapo, nditalemba kuti chambo chatsika, foni inalira. Anali iwowo. Sanandipatse moni, anangoti, "Muli kugombe? Lozetsani foniyo kunyanja ndimve ndekha."

Mpaka lero ndi mmene timagulitsirana. Mukadzaona mzimayi ataima m'mphepete mwa madzi, mkono uli m'mwamba, akumvetsa Lilongwe phokoso la mafunde pa foni, musadzafunse kuti wapenga ndani, ndine. Mauthenga ndimalembabe okoma kuposa a wina aliyense, koma zolemba za nyanja mapazi ali ouma, ine ndinalapa!