A Wanenandani ndi Sitima ya Kago

Malemu a Wanenandani, wolemba zikwangwani mumsewu wa kuseri kwa msika, sankakhulupirira mawu aliwonse asanawagwedeze. Ukawauza kuti kwacha, ankayamba asuzumira panja. Dzinalo linachokera pa funso lawo la tsiku ndi tsiku. Atelala, amene ankagawana nawo khonde, amati ngakhale pa ukwati wawo mkuluyu anapempha abusa kuti abwereze bwinobwino.

Nkhondo yeniyeni inayamba tsiku limene mwana wawo wachisamba anabwera ndi nkhani yoti wapeza ntchito pa sitima ya kago.

"Ya chiyani?"

"Ya kago, bambo. Sitima yapamadzi yonyamula katundu. Ndi yaikulu kuposa msewu wonse uno."

A Wanenandani anaika bulashi pansi. "Chinthu chachikulu n'kuyamba ndi ka? Kamwana, kambale, kago. Ikanakhala yaikulu bwenzi ikutchedwa chigo. Akukukweza kabwato iwe."

Atelala anaimitsa makina. "Nanga katundu sayamba ndi ka, achimwene?"

Mkuluyo anatolanso bulashi n'kupenta mpaka dzuwa linapendeka. Kenako anati, "N'chifukwa chake amasowa panjira."

Mawa lake anayamba kufufuza. Wometa anati mawuwo amatchulidwa khago, ndi mpweya. Aphunzitsi a pakona anati ayi, ndi kaago, mokoka. Dalaivala wa lole anati iye amangoti kago ndipo palibe anam'bwezapo. A Wanenandani anabwerera pakhonde nkhope ili gwa.

"Anthu atatu, mayina atatu. Wakuba yekha ndiye amayenda choncho."

Zinafika poipa mwana uja atawalembera mawuwo m'Chingerezi pa chidutswa cha thabwa. Analemba kuti cargo: poyamba panali C, pakati pali R.

"Uyu R bwanji sitikumumva?"

"Ena samutchula, bambo."

"Wakwera nawo koma sakuyankhula. Ameneyu akubisala. Ine ndalemba zikwangwani mpaka imvi, ndipo chilembo chilichonse chomwe ndapaka penti chimagwira ntchito."

Mwezi womwewo munthu wina anatsegula ofesi yotumiza katundu kunja, nawapatsa ntchito yolemba chikwangwani. Anachilemba bwino ndithu, koma R uja anamupaka wofiira, wamkulu kuposa anzake. Mwini ofesi atadandaula, iwo anati, "Ndamuika poyera kuti aliyense azimuyang'anira."

Mwanayo anapitabe. Patapita nthawi anatumiza chithunzi pa foni ya Atelala. Chinali chisitima chosanenekera, makontena atasanjikizana ngati njerwa, ndipo Atelala anaganiza kuti mlandu watha. A Wanenandani anavala magalasi n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Mwana wanga ali pati apa?"

Atelala anakulitsa chithunzicho, n'kuloza kadontho pafupi ndi chitsulo chonyamulira katundu.

"Ndiye wamng'ono ndi iyeyo," anatero mkuluyo chapansipansi. "Madzi onsewa."

Tsiku limenelo sanatsutsenso aliyense. Apa m'pamene Atelala anazindikira kuti mnzawoyo sankalimbana ndi zilembo ayi. Kuyambira pamenepo mphepo ikangowomba mwamphamvu, Atelala ankanama kuti amva pa wailesi kuti kunyanja kuli bata. A Wanenandani ankawayang'ana m'mbali, podziwa kuti wailesi ya Atelala inafa kalekale, koma bodza limeneli lokha ankalisiya lidutse.

Anamwalira m'nyengo yozizira, sitima ili pakati pa nyanja. Mwana wawo anafika maliro atapita kale, n'kukhala pa benchi la bambo ake, manja ali m'matumba.

"Kodi anakhulupirira kuti ntchito ija ndi yeniyeni?"

"Pamaso pako akanafa osavomera," anayankha Atelala. "Koma aliyense wobwera kudzalembetsa chikwangwani sankachoka asanamve kuti mwana wawo amayendetsa dziko lonse pamadzi."

Masiku ano zikwangwani za mumsewuwo zimasindikizidwa pa makina, ndipo zina zili ndi zolakwika zomwe palibe amaziona. Mphekesera zikafika pakhonde zimangokhala pansi, osafunsidwa kumene zachokera. Mwini nyumba wakhala akunena kuti madontho a penti ali pasimenti achotsedwe. Atelala anangokokera makina awo pamenepo, ndipo amati miyendo yake sikhazikika pena paliponse.