Boyila Wanga wa Palafini pa Mtsinje wa Deka

Amene akuti ndine wabodza ayambe watsuka m'maso fumbi la malasha, chifukwa inu a pa Wanki pano mumayesa kuti moto wonse wa pa dziko ndi wofosholera. Ine Zakeyo Mbewe ndinali ndi boyila wosadya khala ngakhale limodzi. Ankamwa palafini ngati pulaimasi, msinkhu wake wondilekeza m'chiuno, m'mimba mwake muli timapaipi tamkuwa topotana ngati matumbo a mbuzi. Madzi amayenda m'timapaipimo, moto n'kumanyambita kunja, ndipo usanamalize kupichira fodya nthunzi yakwana kale. Anandipatsa mzungu wina wa ku Livingstone amene ndinkamuyendetsera kaboti ka alendo kumtunda kwa mathithi. Kaboti kataola, boyilayo ndinabwera naye kuno pamutu.

Chaka chimene ankamaliza kumanga khoma ku Kariba ndinalandira kalata ya mkazi wanga Nachisale, amene ndinamusiya ku Chiromo mvula khumi ndi ziwiri zapitazo. Anati amalume ake atopa kulimira mkazi wa mtchona, ndipo ndikapanda kuoneka chimanga chisanakhwime, ankhoswe amasula ukwati, iye atengedwe ndi wina. Joini yanga ya ntchito ya pa mgodi inali isanathe, pasi yokwerera sitima pa Thomson Junction ndinalibe. Koma mtsinje sufunsa pasi. Deka athira mu Zambezi, Zambezi akumana ndi Shire, Shire adutsa kuseri kwa dimba la apongozi anga. Ndinakhoma boti la matabwa a m'mgodi, n'kukhazikamo boyila ndi injini yake.

Tsono boyila wamtunduwu ali ndi mwambo. Madzi amasunga ochepa, osadzaza ndi ndowa yomwe, choncho pafunika anthu awiri: wina kugwira chiwongolero, wina kupopa madzi maso ali pa kagalasi koonetsa pamene alekeza. Kagalasi kakauma, mapaipi apsa. Wopopa wanga anali Jailosi, mnzanga wa chipinda chimodzi m'komboni zaka zisanu ndi zitatu, amene tinkayesa naye injiniyo Lamulungu lililonse. M'mawa wa Lamulungu la ulendo anabwera opanda katundu, maso ali pansi, nati wapeza mkazi wachinambya, mtundu wa konkuno, kumudzi kulibenso womudikira.

Ndinapita ndekha. Mukumva? Chiwongolero ndinachiluma ndi mano, pampu ndinaimangirira ku chala chachikulu cha kuphazi, dzanja ili pa mpopi wa palafini, lina likukapa madzi, ndipo boti linathamanga mpaka Deka anatsalira m'mbuyo, ine n'kumayenda pa mchenga wouma ndikudikira kuti mtsinje undipeze. Pa Zambezi palafini anatha, ndinagwira mvuu kukhutu, n'kuitsamiritsa pa boyila mpaka mafuta ake anasungunuka n'kudontha okha m'thanki, ndipo itatsala ngati galu wa mlenje ndinaipepesa n'kuimasula. Ku Kariba ndinapeza khoma latsala kampata kokwana khasu, ndinapendeketsa boti cham'mbali n'kudutsa, amisiri akundivulira zipewa. Pa mathithi a kumtunda kwa Tete ndinatseka nthunzi mpaka boyila anafiira, n'kuitsegula kamodzi, ndipo ndinauluka masiku awiri, akakowa akutera pa chumuni kudzaotha. Njira yonseyo wondiyankhula panalibe. Ndinkayankhula ndi boyila, iye n'kumandiyankha ndi likhweru. Mukumva, inu mwatsala pa benchi apo?

Ndinakocheza pa Chiromo chimanga chikadali chachiwisi, Nachisale akuchapa padooko, ndipo atandiona anagwetsa nsalu m'madzi.

Mukuti bwanji, a Lungu? Anthuni, kapitawo wathu wakaleyu akuti Lamulungu lomwelo masana anakumana nane pa msewu wochokera ku Deka, nditanyowa, pampu ili paphewa. Mwakalamba, a Lungu, koma maso muli nawo. Enawa apita kale, tatsala awiri, ndiye ndikuuzani.

Mvuu sindinaione. Ndinangopitirira mlatho wa pa Deka pang'ono, pamene mtsinje ukhota. Madzi anali odzaza, chitsa chikubwera kutsogolo, ndinagwira chiwongolero ndi manja onse awiri. Nditacheuka pang'ono ndinaona kagalasi katsika, ndipo ndinachita chimene ndinkachita Lamulungu lililonse.

“Jailosi, popa!”

Ndinabweza maso kutsogolo mtima uli m'malo. Chitsa ndinachizemba bwino, ngati mmisiri, ndipo ndinayenda ndithu kamtunda ndikumva ngati pampu ikugogoda kumbuyo kwanga. Ndinamufunsanso ngati waona mmene ndachizembera. Chinandiyankha ndi paipi yophulika. Nthunzi inazimitsa moto, boti linazungulira kawiri n'kutsamira pa mwala, boyila n'kumira pamalo ofika m'khosi. Ndinakhala pamwalapo mpaka malaya anayamba kuuma, kenako ndinamira n'kumasula pampu, poti ndi yokhayo inali yosapsa.

Lolemba ndinalowa m'mgodi ngati masiku onse. Jailosi anali atasamutsa kale bulangete lake. Kalata ina inabwera m'nyengo yozizira, yolembedwa ndi amalume aja, mizere itatu. Nachisale anatengedwa ndi msodzi.

Koma musakanene kuti boyila uja analakwa, a Lungu. Moto wake unali wabuluu, wopanda utsi, nthunzi yokwana kukafika kunyanja yamchere. Pakanakhala munthu pa pampu, ndikulumbira pali amayi anga, chimanga chija ndikanakadya chowotcha.