Khobidi la Mjeremani

Anthu akamanditama kuti ndine mayi waukhondo ndimangoti zikomo, koma mumtima ndimaseka. Ukhondo womwewu unatsala pang'ono kundibweza kwathu ku Kandeu ndi kamtolo pamutu. Ndi nkhani yamanyazi, koma poti eni ake anagona kale, lekani ndiulule.

Ndinakwatiwa ku Tsangano nkhondo yachiwiri itangotha. Pamudzi paja mwambo unali wolimba: mtengwa sayankhula ndi apongozi aamuna kufikira iwo atamupatsa kamphatso komutsegula pakamwa. Ukakumana nawo panjira umapatuka, n'kugwada, maso kumbali. Ine mvula inayamba mpaka kutha, kamphatsoko osaoneka. Ndinkangoti kaya sindinawasangalatse.

Apongoziwo, a Nyoni, ndinkawasirira zedi. Munthu wamtali, wosapupuluma, msilikali wa nkhondo yoyamba ija yolimbana ndi Ajeremani. Anali ndi kachitini ka tiyi momwe ankasungamo ndalama zachitsulo za maiko onse omwe anapondako: za Apwitikizi, za Amwenye, zina zobiriwira, zina zofiirira. Lamulungu potuluka ku tchalitchi ankakhala pansi pa mtengo wa mapichesi, anthu n'kuwazungulira, iwo n'kumatulutsa imodziimodzi ndi nkhani yake.

Koma mfumu ya zonse linali khobidi lakuda bii, lobowoka pakati. Ankati analitenga m'thumba la sajeni wa Chijeremani yemwe anamugwira okha ndi manja. Akafika pamenepo, ngakhale ana ankasiya phokoso. Ine ndinkamvetsera ndili kuseri kwa nkhokwe.

Tsiku lina apongozi aakazi anandiitana.

"Mtengwa, mawa kubwera asilikali anzawo a bambo kuchokera ku boma. Anthu a inisipekishoni amenewo. M'nyumba muno chilichonse chiwale!"

"Chilichonse, amayi?"

"Chilichonse!"

Ndinati eya, mwayi wanga ndi uwu. Ndinazira pansi, ndinakwecha miphika, ketulo mpaka inayamba kuonetsa nkhope. Kenaka pansi pa bedi ndinaona kachitini kaja. Nditatsegula, mayo ine! Litsiro lake! Ndinadzifunsa kuti munthu wolemekezeka chotere angaonetse alendo zinthu zakuda chonchi, mtengwa ali pakhomo? Kufunsa sindikanatha, poti pakamwa panali potseka, ndipo eni ake anali kumunda wa kachewere.

Ndinapita nazo kumtsinje ndi phulusa, mandimu ndi mchenga. Ndinakwecha, abale! Zobiriwira zinayera, zofiirira zinayamba kung'anima. Kenaka ndinaziyala pamwala kuti ziume, ine n'kumadziyamikira ndekha.

Ndipamene ndinati ndilione bwino khobidi la Mjeremani lija. Lobowoka linalipo limodzi lokha. Ndinalitembenuza uku ndi uku. Sukulu ndinalekeza Sitandade 2, koma ichi chokha ndinachidziwa: linali khobidi wamba la Mfumu ya Angelezi, lomwe timagulira mchere kusitolo kwa Mmwenye.

Ndinati basi, la Mjeremani lagwera m'madzi! Ndinafufuza mumchenga, ndinagudubuza miyala, ndinalowa m'madzi ozizira a ku Tsangano mpaka m'chiuno. Mayi wina wodzatunga madzi anandifunsa ngati ndikugwira nkhanu. Ndinavomera kuti inde.

Sindinalipeze. Ndinabwezera kachitini pansi pa bedi osauza munthu. M'maganizo ndinkangoona ng'ombe za lobola zikutuluka m'khola la bambo anga kubwerera ku Tsangano, ine ndikulowera kwina.

M'mawa alendo anafika, madoda a mamendulo pachifuwa. Pakati pawo panali a Mbewe, omwe anali kalaliki wa asilikali, munthu wa magalasi, wowerenga chilichonse chomwe chamudutsa pamaso. Atadya, a Mbewe anati, "Nyoni, tatulutsa khobidi lija umatchuka nalo. Lero ndabwera ndi magalasi, ndiwerenge Chijeremanicho."

Apongozi anatenga kachitini, anakhala bwino pampando, n'kutsegula. Dzuwa litalowamo, munawala ngati mwagwera nyenyezi.



Ine ndinali nditagwada pakhonde ndi beseni la madzi osamba m'manja. Apongozi anayang'ana m'chitini nthawi yaitali. Nkhope sinasinthe ngakhale pang'ono. Anapisa dzanja, natulutsa atafumbata.

"Tiye nalo kuno," anatero a Mbewe, atatambasula dzanja.

"Dikira, Mbewe. Ndani wagwira ntchito imeneyi?"

Apongozi aakazi anangoloza ine ndi milomo.

"Mtengwa, senderani kuno."

Ndinayenda ndi maondo. Ndinati lero ndiye kwathu ndafika.

Iwo anaimirira, nakweza mawu ngati ali pa peredi. "Anzanga, ine ndapukuta nsapato za azungu ndi mabatani a yunifomu, koma shaini yotere sindinaionepo. Mwana uyu wakhala pakhomo panga ine osamuyankhula. Ndinkasowa mphatso yomuyenera. Lero ndikumutsegula pakamwa ndi khobidi la Mjeremani!"

Anaika chomwe anafumbatacho m'dzanja langa, napinda zala zanga ndi dzanja lawo, zolimba. Amayi analulutira. Madoda anawomba m'manja, ena akupukusa mitu kuti koma Nyoni ndi mwamuna, kupereka chuma chotere kwa mtengwa!

"Nanga tingolionako kaye?" anatero a Mbewe.

"Aa, Mbewe! Wakalamba n'kuiwala mwambo? Ungafunyulule dzanja la mkazi wa mwana wanga?"

A Mbewe anavula magalasi, napepesa.

Ine m'dzanja ndinkamva bowo lija, mutu osagwira. Khobidi la Mjeremani liti, poti ndinalitaya? Apongozi anawerama ngati akundidalitsa, n'kundinong'oneza mawu awo oyamba kwa ine: "Pakamwa patseguka, mayi. Koma za khobidili, patsekeninso."

Alendo atapita, apongozi aakazi anandikokera kukhitchini, akuseka mpaka misozi.

"Simunataye kanthu, mwana wanga. La Mjeremani linalipodi, ndipo sajeniyo anamugwiradi. Koma amuna anu omwewa ali mwana analimeza! Tinadikira, tinafufuza, osalionanso. Bambo anatenga khobidi wamba, analipaka mafuta a nsatsi n'kulipachika kutsindwi pamwamba pa moto dzinja lathunthu kuti lide. Inu mwafafaniza ntchito yonseyo tsiku limodzi!"

Madzulo ake ndinakagwada kwa apongozi aamuna kuti ndipepese. Anali akutembenuza ndalama zawo zowalazo, akuoneka osokonezeka.

"Pepani, bambo."

"Musadandaule, mayi. Kungoti ine kuwerenga sinditha, ndinkazidziwira mtundu. Yobiriwira inali ya kwa Apwitikizi, yofiirira ya Amwenye. Tsopano zonse zafanana. Inu munapitako kusukulu, muzikhala pafupi Lamulungu, muzindiuza."

Kuyambira pamenepo sindinabisalenso kuseri kwa nkhokwe. Ndinkakhala pamphasa pambali pawo, ndipo nkhani ya sajeni ikafika pachimake ankaloza ine, ine n'kugwira pachifuwa pomwe khobidi linkalendewera mkati mwa bulauzi. Palibe anayerekeza kupempha kuliona.

Amuna anga okha ndiwo ndinkawayang'ana pamimba akamadzitama kuti alibe kanthu kochokera kwa bambo awo.

Mpaka lero miphika ndimakwecha, koma chinthu cha mwini chikada ndimayamba ndafunsa kuti anachidetsa ndani.