Kuamira Mbalame ndi Sakisofoni

Lolemba

Amake Luwiza akwera minibasi ya ku Zomba m'mamawa, kukathandiza mwana wathu amene wachira kumene. Abwera Lamulungu. Mawu otsazika ndi awa okha: "Bambo, mpunga uli pa mkaka. Mbalame zisaulawe."

Ndapuma! Sabata yathunthu popanda wondiuza kuti chepetsani voliyumu.

Koma poloti ya mpunga ya pa sikimu yothirira ija ndi yawo, ya kwa amayi awo. Ine pano ndakhala mkamwini zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo alamu anga a Namakhwa mpaka lero amandiyang'ana ngati ndabwera dzulo. Mpheta zikadya mpunga umenewu, nkhani yake idzakambidwa ngakhale pa maliro anga.

Anthu kuno amaamira mbalame ndi kukhosi, zitini ndi zigulumwa za dothi, m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa. Ine ayi, ndili ndi mutu. Zaka zisanu ku Joni ndinkasesa m'sitolo ya malekodi akale. Anzanga anabwerako ndi malata ndi njinga zamoto, ine ndinabwerako ndi makutu, komanso memore khadi yodzaza nyimbo za roko zazitali zija, za azungu a tsitsi lofika m'mapewa. Nyimbo imodzi ukhoza kupita kuchigayo n'kubwerako isanathe. M'kati mwake muli malo amene ng'oma ndi magitala zimapatuka kuti sakisofoni, lipenga lopindika lija, ilire yokha. Amati solo. Pamenepo ine misozi sindiigwira.

Pulani:
1. Sipika pa nsungwi, pakati pa poloti.
2. Sakisofoni iamire mbalame.
3. Ine pamthunzi, kusankha mwachifatse solo yoposa zonse.

Mayina a nyimbozi lilime langa limakana, choncho ndinazipatsa anga. Zopikisana ndi zitatu: ya Mbuzi Yokodwa pa Mpanda, ya Minibasi pa Chitunda, ndi ya Maliro a Munthu Wolemera, yomwe ndi ya pamtima.

Ndayamba ndi ya Mbuzi. Lipenga kungoti kwee! mpheta zonse balala! Wakabaza wina pamsewu watsala pang'ono kugwera m'ngalande. Sayansi!

Lachiwiri

Kavuto kakang'ono. Mu ya Minibasi, lipenga limalowa pa mphindi ya khumi ndi chinayi. Lisanalowe ndi limba lolira pansipansi, chitoliro, ndi mzungu wina akunong'ona za mwezi. Nthawi yonseyo mpheta zikudya mosatekeseka ngati zaitanidwa. Lipenga likalira zikuuluka, kutera mu mthethe, kudikira. Solo yake ndi mphindi ziwiri. Ziwiri kuthawa, khumi ndi zinayi kudya. Masamu amenewa sakundisangalatsa.

Abiti Sumani a poloti yoyandikana nafe, mayi wa mawu omveka mpaka ku chilumba cha Chisi, akuti: "Achimwene, bwanji osangoika pokuwa pokhapo? Zoyambirirazo mukuziingitsa mbalame kapena mukuzidalitsira chakudya?"

Sakudziwa. Solo yosadikira si solo. Kukoma kwake ndi kudikirako.

Komanso mayiwa maso ayamba kufooka. Tsiku lonse akukuwa moyang'ana kupoloti kwathu, kwawo atapatsa msana. Chigulumwa chimodzi chandiphonya khutu. Ndawakhululukira, ukalamba si mlandu.

Chabwino n'chakuti alamu sanadutse.

Lachitatu

Mpheta zaloweza nyimbo! Wang'oma akangoyamba kufulumira, lipenga lisanalowe n'komwe, zikunyamuka zokha mwadongosolo. Solo ikatha, zabwerera. Ine zinanditengera chaka chathunthu kuti ndidziwe malo amenewo.

Cha m'ma teni, alamu. Aima m'mbali mwa poloti, manja kumbuyo. Ikulira ndi ya Maliro, pa malo amene lipenga limakwera pang'onopang'ono ngati munthu wakuba akukwera makwerero, kenako n'kusweka. Ine tsitsi nyau nyau. Iwo akuti: "Alamu, wamwalira ndani?" Ayang'ana mpunga mbali iyi, mbali iyo, akuti "Mmm," apita.

Mmm yekha! Ndakhala pansi. Ndapulumuka.

Madzulo foni ya amake Luwiza. Mdzukulu ndi wamkazi, akuyamwa bwino. "Nanga mpunga?" Ine: uli m'manja abwino. Iwo: "Ndikudziwa."

Ndikudziwa! Zaka zonsezi, lero andikhulupirira. Mtima mbee.

Lachinayi

Chabwino, ndagonja. Nyimbo zidulidwe, patsale lipenga lokha. Sipika ndaisiya ikulira pa nsungwi, ine pa njinga wa ku Kachulu, nyimbo zomwezo zili m'foni.

Kwa bambo wobena nyimbo pa kompyuta kuli mzere. Asodzi, amayi a matemba, aliyense akufuna zovinira. Itafika nthawi yanga, bamboyo wamvetsera mphindi zitatu, n'kufunsa: "Bwana, apa yayamba kale kapena akutchuna zida?" Asodzi kuseka chikhakhali. Mmodzi akuti akaiike m'bwato, mwina nsomba zizilumphira zokha mu ukonde pothawa.

Wadula. Ndayang'ana kumbali, sindikanatha kuonerera.

Pobwerera tayala phwa! Kukankha njinga mpaka kusikimu, dzuwa litapendeka kale. Ndikufika, zii. Batire inatha kalekale. Ndatseka maso, ndatsegula limodzi.

Mpunga uli chilili! Mbalame ziwiri zitatu basi. Abiti Sumani ndi amayi ena awiri ali m'mbali mwa poloti yathu, thukuta kamukamu, akuti amangodutsa. Ndawapatsa moni mwaulemu, chimwemwe chosasimbika.

Ndiye kuti mpheta zikuopa ngakhale sipika yozima. Izi n'zofunika kuzilemba penapake, mwina a zaulimi angazifune.

Lachisanu

Malipenga okhaokha, kubwerezabwereza, kuyambira tambala wachiwiri mpaka dzuwa pamutu.

Zotsatira:
1. Mutu ukugunda ngati mtondo.
2. Akuluakulu a komiti ya sikimu atuma uthenga kuti ng'ombe za anthu zikukana kumwa madzi.
3. Mpheta zitatu zatera pa sipika penipeni. Imodzi yasiyapo chizindikiro.
4. Ya Maliro, imene inandiliza kwa zaka, lero ikumveka ngati wilibala yosathira oilo.

Nambala folo ikundipweteka kwambiri. Ndamvera solo imeneyi kokwana makumi angapo motsatizana ndipo diso langa louma gwa.

Masana ndalowa m'matope kukatsitsa sipika. Mayo ine! Kuzungulira nsungwi, ngala zonse zayera mbuu. Ndafinya imodzi, mankhusu okhaokha. Ina, mankhusu. Sindinapitirire, ndinaopa zimene ndikaone kutsogolo.

Mantha andigwira enieni, osati a masewera.

Loweruka

Sipika ili m'nyumba, pansi pa bedi. Ndamanga zitini zisanu ndi ziwiri pa chingwe, timiyala m'kati. Ndaumba zigulumwa. Ndayamba kukuwa dzuwa lisanatuluke.

Haa! Haa! Yaa! Kukoka chingwe, kuponya dothi, kuthamangira uku, mbalame zatera uko. Ntchito imeneyi anthu amaigwira mwezi wathunthu? Amake Luwiza chaka ndi chaka? Ine ndinkayesa kuti amapita kukacheza.

Pofika masana mawu atheratu. Ndikatsegula pakamwa pakutuluka mpweya wokha. Abiti Sumani andipatsa thobwa m'botolo, akuti: "Imwani achimwene. Tsiku loyamba limavuta."

Tsiku loyamba! Ili ndi tsiku langa lachisanu ndi chimodzi. Ndalephera kuwakonza.

Madzulo ndalongedza kachikwama, osati kuti ndikupita, kungokonzeka. Malaya awiri, buluku, memore khadi. Kwathu ku Jali nyumba ya amayi inagwa kale. Ndikafikira kwa ndani, ndi imvi izi, n'kunena kuti anandipitikitsa chifukwa cha lipenga?

Lamulungu

Amake Luwiza atsika minibasi titangoweruka ku tchalitchi. Kunyumba sanalowe, katundu pamutu, molunjika kusikimu. Ine pambuyo. Pambuyo panga alamu, manja kumbuyo.

Amake Luwiza azungulira poloti yonse, kugwira ngala, kufinya. Kumpoto wadzaza. Kumadzulo wadzaza, mpaka kuwerama. M'mbali monse mpunga weniweni, wolemera!

Kenako akuwa: "Asisi! Zikomo kwambiri, mwagwira ntchito!"

Abiti Sumani, akupukuta manja pachitenje: "Aa, tinagawana masiku ndi anzanga aja monga munanenera. Koma Lachinayi tinachita kubwera tonse atatu."

Monga munanenera. Ndiye kuti anapangana asanakwere minibasi. Maso a mayi aja alibe vuto lililonse.

"Nanga pakati apa?"

"Pamenepo pepani. Mawu athu sankafikapo chifukwa cha chiphokoso chija. Mbalame zinazindikira, zinkathawira pomwepo."

Alamu ayang'ana bwalo loyera lija, kukula kwake ngati mphasa zinayi, kenako ayang'ana ine. Amake Luwiza awatsekereza: "Achimwene, bambowa sabata yonse anali kumunda. Mpunga ndi uwu. Pali mlandu?" Alamu akuti "Mmm," apita.

Chilango: kukolola kukafika, ndikamenya mpunga wa Abiti Sumani ndi wa amayi awiri aja. Ndavomera ndi mutu, msangamsanga, asanawonjezere.

Kachikwama ndamasula mwakachetechete amake Luwiza ali kubafa. Mpunga ulipo, ine ndilipo, sindinasangalalepo chonchi ndi manyazi.

Pakhonde, akutsanulira tiyi, akuti: "Mukudziwa bambo, m'poloti yonse ija mbalame zadya pokhapo pamene munalondera inu."

Ndikanayankha, koma mawu ndilibe. Ndalandira kapu ndi manja awiri.