Nambala Imene Anandipatsa ku Silver Spring

Anzanga, inu mukundidziwa, ine sindinama. Koma zimene zinandigwera sabata ya chinkhoswe cha mwana wa mchimwene wanga, mpaka lero mutu sunabwerere m'malo mwake.

Nkhoswe ndinali ine, ndipo nkhoswe yosavina ndi nkhoswe yanji? Tsono bondo langali linali litatupa ngati dzungu. Adokotala anali atandipatsa kale timapiritsi tamphamvu topha ululu, koma ine piritsi ndimaliopa, limandiima pakhosi ngati mwala, ndiye kabotolo konse ndinakabisa m'sokosi. Chimene ndinkafuna ine ndi jakisoni basi. Lachinayi mwana wanga Tiyamike anandisiya pachipatala china ku Silver Spring, kuno ku Amereka, iye n'kubwerera ku ntchito. Ntchito yake ndi yodabwitsa: amawerenga zimene madokotala alemba, n'kumapatsa matenda aliwonse nambala yake. Wodwala samuona n'komwe!

Kwathu tonse timadziwa kuti kuchipatala sunena kuti ukupezako bwino. Ukatero akupatsa panado n'kukubweza. Umawonjezera, umabuula, ndiye jakisoni amatuluka. Ine ndinalowa nditakonzeka.

Dokotala wake anali kamtsikana kaulemu, kali ndi kompyuta pamiyendo. Anaimbira womasulira pafoni, mnyamata wa ku Lusaka. Iyeyo anandichenjeza ndithu: "Mdala, vonse vamene muzakamba nizamuuza dokota, ka." Ndinati uzimuuza, nanga ndabwera kudzabisa?

Funso loyamba, mapiritsi aja mukumwa angati?

Ndiulule kuti ali m'sokosi? Ine? Ndinati, "Muuze kuti limodzi silindikwanira. Ndimakhuthulira m'dzanja ngati mtedza, n'kuponya kukamwa, madzi osafuna."

Kamtsikana kaja kanasiya kumwetulira, zala n'kuyamba kuthamanga pakompyuta. Mumtima ndinati eya, jakisoni akubwera.

Mukapanda kumwa mumamva bwanji?

"Ndimanjenjemera mpaka aneba a pansi amamenya denga ndi tsache."

Kenaka mafunso anasintha, ndipo apa m'pamene ndinasokonezeka. Lero ndi lachingati? Kodi munthu wopuma ntchito amasunga masiku? Ndinati chibwerereni ku Amereka kuno tsiku lililonse ndi Lamulungu. Pano tili kuti? Ine chipatalacho dzina lake sindilidziwa, ndimangotsika pamene galimoto yaima. Pofuna kuti asandiyese mbuli ndinati, "Kumene tili sindikudziwa, koma ndimakhala ku Greenbelt, pafupi ndi anthu aja otumiza zinthu kumwezi, ndipo satumiza kanthu ndisanawakwezere dzanja."

Womasulira anakhosomola. "Mdala, nikambe zoona ivi?"

"Kamba!"

Kodi mumaona zinthu zimene ena saona? Apa ndinasangalala, poti munthu wafunsa yekha. Ndinamuuza za agwape aakulu ngati minibasi amene amandisuzumira pawindo. Ndinamuuzanso za ng'ona ija ya ku Chikwawa imene ndinaimanga kukamwa ndi lamba wa buluku, ndipo kuti amvetse bwino ndinaimirira, n'kuvula lambayo, n'kugwira mpando pakhosi. Buluku linatsika. Mpando unagwa. Anamwino awiri analowa akuthamanga.

Anzanga, jakisoni sanabwere. Kunabwera bedi la mateyala! Anandiveka kamwinjiro kotsegula kumbuyo, anatenga magazi, anandipatsa kabotolo koti ndikodzeremo, ndipo anaika mayi wina pakhomo woti azingondiyang'ana. Ine n'kumadzifunsa, kodi bondo la ku Amereka amalichiza chonchi? Womasulira ndiye anandimasulira: "Mdala, simuzayenda ku nyumba. Akuti muzagona kuno mpaka mutu ubwele."

Mutu wapita kuti? Nanga chinkhoswe Loweruka?

Tiyamike anafika akupuma mwamphamvu, amayi ake ali pambuyo, m'manja muli ufa wa mandasi a chinkhoswe. Anawerenga pepala limene anamupatsa, n'kukhala pansi.

"Adadi, mwawauza chiyani anthuwa?"

"Za bondo."

"Apa palibe bondo! Alemba kuti thupi lanu linazolowera mapiritsi opha ululu moti simungakhale osamwa, ndipo lero mwamwa ambiri mpaka mutu wasokonekera. Mawu amenewa akafika kwa anthu a ntchito ngati yanga, nambala yake ndi F11.221."

Ndinati nambalayo ikumveka ngati ya minibasi ya ku Ndirande, ingoifufuta, si ntchito yako?

"Ine sindifufuta kanthu, adadi. Ife timalemba zimene dokotala walemba. Akapanda kusintha yekha, nambalayi izikutsatirani chipatala chilichonse, ngakhale mukapite kukazula dzino."

Apo amayi a Tiyamike anapukuta manja pachitenje, n'kutulutsa sokosi yanga m'chikwama. Kani ankadziwa! Anakhuthulira mapiritsi patebulo pamaso pa dokotala, onse osakhudzidwa, n'kuuza womasulira kuti, "Mwana wanga, muuze dokotalayo kuti bambowa sanasokonezeke lero ayi. Ndinawapeza ali chonchi. Ng'ona imeneyo pamene ankandifunsira inali buluzi."

Buluzi! Pamaso pa alendo!

Dokotala anandifunsa ngati zimene akunena mayiwa n'zoona. Taganizani, anzanga. Ndikati ng'ona inalipo, ndigona m'chipatala, chinkhoswe chichitika popanda nkhoswe. Ndikati panalibe, dzina langa latha. Ndinayang'ana kudenga, ndinayang'ana mkazi wanga, n'kunena motsitsa mawu kuti inali ng'ona yaing'ono.

Zoyeza zija zitabwera, m'thupi munalibe ngakhale fungo la piritsi. Dokotala anakhalanso pakompyuta n'kukonza zolemba zake, akuseka mobisa. Anandimasula madzulo omwewo, jakisoni osandibaya, ndipo Loweruka ndinavina ndi mwendo umodzi, anthu mpaka anakwera pamipando kuti andione.

Tili m'galimoto pochokera kuchipatala kuja ndinamufunsa Tiyamike kuti tsono alembamo chiyani. Anati alemba kuti banja latsimikiza kuti wodwalayu amalankhula chonchi masiku onse.

"Nambala yake ndi chiyani imeneyo?"

"Imeneyo ilibe nambala, adadi."

Mwamva? Dziko lonse la Amereka, makompyuta onse aja, nambala yanga alibe! Komabe ndalumbira, kuchipatala ndizingoloza bondo, pakamwa nditatseka. Za ng'ona ndizikuuzani inu nokha, poti inu simulemba. Ndipo inali yaikulu.