Njinga Yanga, Nkhuku Zawo

Lolemba

Nzeru yandifikira ndili pamakina otayipira. Loweruka tichite mpikisano wa makadi, uja amati poka, ngati umene ndinaona ku Lusaka. Chaka chatha atandituma kumsonkhano wa ntchito ndinalowa m'kasino wa pahotela, n'kusewera nawo kampikisano ka ndalama zochepa. Anthu ndimawauza kuti ndinatsala pang'ono kupambana. Buku lino lokha lidziwe kuti ndinatuluka tiyi wanga asanazizire.

Koma kuno ku Chama wodziwa poka ndani? Ndine ndekha!

Malamulo ndatayipa kale:
1. Aliyense aike nkhuku imodzi.
2. Tisewera ndi mtedza. Mtedza wako ukatha, watuluka.
3. Wotsala yekha atenga zonse.
4. Chimene waika waika, sudzachitenganso ngati chako.

Pansi pake ndamenyapo chidindo kuti zioneke zaulemu.

Alembetsa asanu ndi mmodzi: a Goma (mesenjala wa paofesi pathu), mayi Nyirenda (namwino), aphunzitsi atatu, ndi kalaliki mnzanga. A Goma afunsa pagulu: "Manje imwe abwana mulibe nkhuku. Muzaikapo chani?" Anthu aseka. Pakamwa panga payankha pokha: "Njinga."

Njinga yomwe ija imandifikitsa ku Kambombo Lamlungu lililonse. Amake Tiwonge ali kumeneko kwa makolo awo ndi mwana wathu wa miyezi isanu ndi umodzi. Popanda njinga, mwanayo sindingamuone. Koma mantha ndilibe. Ndikudziona kale ndikulowa kwa apongozi nkhuku zisanu ndi imodzi zikulendewera kuchiwongolero.

Lachiwiri

Phunziro loyamba, nthawi yopuma masana, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa ofesi.

Makadi abwera ndi aphunzitsi. Ndawerenga, atatu palibe. Ndadula chikuto cha faelo yakale n'kujambula osowawo ndi bolopeni. Vuto ndi lakuti faeloyo ndi yapinki. Tsopano aliyense akaona khadi lapinki m'manja mwa mnzake akudziwa kuti ndi eisi, kapena kwini, kapena seveni.

Ndafotokoza kuti makadi ako ndi chinsinsi chako. Onse agwedeza mutu. Nditangogawa, a Goma atembenuzira awo kwa mphunzitsi wa pambali: "Nili na mafumu awiri, ningachite bwanji apa?" Mphunzitsiyo wawalangiza bwinobwino, kenaka naye wawaonetsa ake.

Mtedza ndinaukazinga kuti usamere. Kulakwa kwanga. Phunziro lisanathe, chuma chonse cha kasino chadyedwa. Mawa chimanga chouma.

Komabe ndikuthokoza, abwera onse, ndipo palibe wagona.

Lachitatu

Kwafika a Zimba, akatekisiti. Amva kuti kuseri kwa ofesi kuli njuga. Ndawauza kuti si njuga, ndi masewera a nzeru, ku Lusaka amasewera ndi anthu ovala mataye. Ati aona okha. Kalaliki mnzanga wachita manyazi, wawasiyira mpando wake pamodzi ndi nkhuku yake. Ndiye tsopano tili ndi akatekisiti mumpikisano!

Lero ndaphunzitsa chenicheni cha poka: kuopseza anzako ndi nkhope pamene m'manja mulibe kanthu. A Zimba akana. "Bodza ine sininganene, olo na nkhope." Makadi akawakomera akuyamba kung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Akaipa akukhala chete ngati ali pamaliro. Amenewa ndawadya kale.

Aphunzitsi atatu aja akusewera ngati munthu mmodzi. Wina akaika chimanga, awiri enawo akumufunsa ngati waganiza bwino.

Mayi Nyirenda sakuyankhula zambiri. Akungoyang'ana anthu monga amayang'anira wodwala amene akuti mankhwala anamaliza onse.

Lachinayi

Tsiku loipa.

Tayeserera kasanu. Kasanu konse chimanga chathera kwa mayi Nyirenda. Ndawafunsa moseka ngati anapitako kukasino. Ati: "Iyayi. Koma imwe mukanama mumakanda khutu la kumanzere. Mukakhala na zabwino mumakhala mwaulemu monga mwana wa sukulu."

Khutu langa! Zaka zonsezi likundipereka, ine osadziwa. Mwina ndi chifukwa chake amake Tiwonge sanakhulupirirepo nkhani ya ku Lusaka ija.

Madzulo kwabwera kakalata ka amake Tiwonge ndi munthu wina wochokera ku Kambombo. Akuti Tiwonge wayamba kukhala yekha, ndipo akamva belu la njinga iliyonse akutembenuka. "Musalephere Lamlungu." Ndawerenga katatu. Njinga ili apo yatsamira khoma, sikudziwa chimene mwini wake wachita.



Lachisanu

Zoyesa kupulumutsa njinga:

Kupeza nkhuku yoti ilowe m'malo mwake. Ndaipeza kwa aneba. Ndapita nayo kwa a Goma. Iwo atulutsa pepala la malamulo m'thumba la malaya, alitambasula, aloza nambala 4, kenaka aloza chidindo. "Munalemba mwekha, abwana." Nkhuku ndabweza.

Kudwala. Sizingatheke, namwino ali mumpikisano momwemo.

Kupempherera mvula. Kumwamba kuli mbee, dzuwa lake la m'chigwa muno longa moto wa osula makasu.

Kuphunzitsa nkhope. Ndakhala ola lathunthu pagalasi lometera, manja nditawakhalira, ndikunena mabodza mokweza. Khutu likuyabwa lokha.

Pobwera ndapeza a Goma akuliza belu la njinga yanga n'kumayeza kutalika kwa chishalo ndi chikhatho. Ati akungoona. Ndikuchita mantha, ndipo ndikudzida. Munthu wamkulu, bambo wa mwana, kuika ulendo wa kwa mwana wake pamakadi chifukwa choopa kusekedwa!

Loweruka

Ndilembe mwadongosolo, mutu udakazungulira.

Tayamba m'mawa. Nkhuku zisanu ndi imodzi zomangidwa patsinde la mango, njinga pambali pake. Oonerera adzaza mpaka pakhonde la ofesi.

Ndakhalira manja. Koma makadi agwidwa ndi chiyani? Ulendo wachitatu m'manja ndilibe kalikonse, ndaika chimanga changa chonse kuti ndiwaopseze. Mayi Nyirenda ayang'ana khutu langa. Dzanja lili pomwepo. Chimanga chonse chapita.

Woyamba kutuluka: ine, mphunzitsi wa poka wa boma lonse la Chama.

Ndaimirira. Ndayang'ana njinga. Ndiye a Goma andikoka malaya. "Muyenda kuti? Khalani pansi." Atapa chimanga pamulu wawo n'kundithirira patsogolo. Akatekisiti awonjezera. Aphunzitsi nawonso. Ndawakumbutsa lamulo nambala 2. Mayi Nyirenda ati: "Munthu chimanga chamuthera, ise tili nacho, manje timupitikise? Kwanu mumachita tero?"

Ndakhala pansi. Changa chathanso kawiri, kawiri konse andithirira. Cha a Goma chitatha, ndadzipeza ndikuwatapira ine. Dzuwa lapendeka palibe watuluka ndi mmodzi yemwe. Poka wotere ku Lusaka angaitane apolisi.

Mapeto ake tambala wa aphunzitsi wadula chingwe, walumphira patebulo, wayamba kudya za pakati. Mpikisano wathera pomwepo.

A Zimba aweruza. Palibe watuluka, ndiye tonse asanu ndi awiri tapambana. Koma lamulo nambala 4 lili ndi chidindo: palibe wotenganso chake. Nkhuku asinthana eni ake okhaokha. Njinga siidulika, ndiye igawidwe masiku, munthu aliyense tsiku lake pamlungu. Kusankha kuyambire wa mulu waukulu. Wa mulu wochepa, ine, ndikhale womaliza.

Lamlungu aliyense amalifuna, ndi tsiku loyendera abale.

Mayi Nyirenda: Lachiwiri. Aphunzitsi: Lolemba, Lachinayi, Lachisanu. A Goma akanda mutu nthawi yaitali, andiyang'ana, ati Loweruka. Atsala a Zimba, amene Lamlungu lililonse amayenda wapansi kukapempheretsa kumidzi, ndipo akhala akudandaula za mawondo chaka chonse. Ati: "Ine nipaseni Chitatu."

Palibe wandiyang'ana. Onse ali kalikiliki kutola chimanga pansi. Za Tiwonge sindinauzepo munthu mlungu uno, koma kuno belu likalira Lamlungu m'mamawa anthu amadziwa kumene likupita.

A Goma akwera njinga n'kupita nayo. Lero ndi tsiku lawo.

Lamlungu

M'mamawa njinga ili pakhomo. Matayala opopa, tcheni chothira mafuta. Pakaliyala pali nkhuku ya thadzi, miyendo yomangidwa ndi kansalu ka bandeji. Kalata palibe, koma bandejiyo ndikuidziwa kwawo.

Nditatuluka m'boma ndapeza a Zimba pamsewu, nsapato zili m'manja, buku lili m'khwapa. Andikupizira dzanja kuti ndidutse. "Yendani, mwana alindila!" Ndaima. Akwera pakaliyala atafukata nkhuku, ndawatsitsa pamphambano ya kumudzi kumene akukapempheretsa. Ndi olemera kuposa mmene amaonekera. Njira yonse amang'ung'udza nyimbo ija ya makadi abwino.

Ku Kambombo ndaliza belu ndili patali. Tiwonge watembenukadi! Wakhala yekha pamphasa, wagwa chammbali, wakhalanso. Misozi yandilengeza, ndanamizira fumbi.

Apongozi alandira nkhuku ndi manja awiri. Amake Tiwonge afunsa kumene ndaitenga. Ndati ndapambana pampikisano. Ayang'ana khutu langa, ndipo ndawauza zonse. Aseka mpaka kugwira m'mimba, kenaka ati Loweruka likubwerali atumiza mtedza wa anthu asanu ndi mmodziwo.

Zotsala nazo: makadi atatu apinki, gawo limodzi la njinga, ndi anzanga amene poka sadzamudziwa mpaka kalekale. Kasino wa Chama watsekedwa.

Njinga iyenera kufika kwa aphunzitsi mawa belu la sukulu lisanalire. Ine kuntchito ndipita wapansi mpaka Loweruka. Ndiyenda, ndipo aliyense wa iwo akandidutsa akuliza belu langa, ndimuvulira chipewa.