Diresi la Tiyamike Lili M'buti

Lolemba

Kwatsala masiku asanu kuti Tiyamike, mwana wanga wamkazi mmodzi yekhayo, akwatiwe. Zonse zili m'chimake:
- mbuzi ziwiri, zilipo
- holo ku Likhubula, tapeza
- diresi la ukwati, ndalibisa ndekha m'buti mwa galimoto kuopa makoswe ndi maso a anthu
- galimoto yonyamula mkwatibwi, yanga!

Eya, yanga. Penshoni yonse ya ukalaliki wanga ku esiteti ya tiyi inathera pamenepa. Galimoto ya ku Japani, yotchaja pakhoma ngati foni. Anzanga akupsa ndi dzuwa pamzere wa mafuta ku Chitakale, ine ndikungodutsa mwakachetechete. Ukaiyatsa mumalankhula mayi wina Chijapani. Sindimva zimene amanena, koma ulemu wake! Amake Tiyamike amamutcha mkazi mnzawo.

Pamsonkhano wa komiti ya ukwati asebele, bambo ake a mkwati, akuti abwereke galimoto ya mnzawo. Ndawafunsa pagulu: "Asebele, yanuyo imwa chiyani, tiyi?" Anthu aseka. Iwo sanaseke.

Alamu anga a ku Muloza, oyendetsa kabaza, akuti atsogolere mkwatibwi ndi njinga yawo yamoto. Ndakana. Paukwati wa mwana wanga sipakhala phokoso la chigayo.

Magetsi azima kuyambira m'mawa, ndiye ndauza komiti yonse itchaje mafoni m'galimoto mosinthana. Wailesi ikuimba, nyali zam'kati zikuyaka, mpaka madzulo. Batire lake ndi lalikulu ngati matiresi, lingathe ndi timafoni? Pokhoma ndaona ndi maso angawa, likadali lodzaza.

Lachiwiri

Ndikudina rimoti ya galimoto. Zii. Ndikudinanso. Zii.

Zitseko zonse gwa! Magetsi abwera, ndatenga chingwe kuti nditchaje, kachitseko kolowetsera chingweko nakonso kakana. Koma abale! Galimoto yodzaza moto ingafe bwanji itaima pabwalo?

Amake Tiyamike akupeta mpunga pakhonde, osadzutsa n'komwe mutu: "Mkazi mnzanga wanyanyala."

Diresi lili mkati. Tiyamike sindinamuuze. Ndikungozungulira galimoto ndi kansanza ngati ndikupukuta.

Lachitatu

Amake Tiyamike atopa nane, alanda rimoti n'kuiponya pasimenti. Yang'ambika pakati, mwatuluka kiyi! Kiyi weniweni wachitsulo! Miyezi isanu ndikuyenda naye m'thumba osadziwa.

Chitseko chatseguka. Ndakhala pampando, ndadina batani loyatsira. Palibe nyali, palibe mayi wa Chijapani. Tsono:
- buti imatseguka ndi batani, batanilo lafa
- mipando yakumbuyo sipindika
- buku lake ndi la Chijapani lokhalokha, ndangoona zithunzi za anthu akumwetulira

Aneba abwera. "Tikankhe, ilira!" Amuna asanu ndi mmodzi, malaya avula, chiperoni chikuwanyowetsa. Giya yakana kusuntha, matayala sanagudubuzike olo pang'ono. Mmodzi akupukuta thukuta: "Akulu, galimoto yosakankhika si galimoto. Mwagula filiji."

Filiji! Penshoni yanga!

Lachinayi

Ndaitana che Jafali, makaniko wa ku Chitakale. Atsegula boneti, ayang'ana uku, ayang'ana uko, avula chipewa. "Bwana, pepani. Akuberani batire."

Mayo ine! Ndayang'ana ndekha, zoonadi pamene pamakhala batire palibepo. Ndatenga pepala n'kulemba oganiziridwa:
- komiti yonse
- makamaka amayi apampando, anakhalitsa m'galimoto ati foni yawo imachedwa kudzaza
- asebele (chifukwa chilipo)

Amayi apampando ndawaimbira nthawi yomweyo. Mawu amene ndawauza sindilemba muno.

Kenako che Jafali aimbira katswiri wina ku Blantyre. Imvani izi: mabatire ndi awiri! Lalikulu lija silidzuka lokha, limadzutsidwa ndi kabatire kakang'ono. Kameneko ndi kamene kamatsegula zitseko, kuimba wailesi ndi kutchaja mafoni. Ndiye kuti ndinakapha ndekha Lolemba. Ndipo sikanabedwe, a ku Japani anakaika m'buti. Buti yotseguka ndi kabatire komweko! Zoona anthu ophunzira angatsekere kiyi wa nyumba m'nyumba?

Ndati che Jafali achitepo kanthu. Aloza zingwe zonenepa zofiirira: "Izi sindikhudza, bwana, ndili ndi ana." Katswiriyo walonjeza kufika Loweruka m'mamawa.

Pepala lija ndang'amba. Amayi apampando sakuyankha foni yanga.

Lachisanu

Tiyamike wadziwa. Sanalire. Bola akanalira.

Amake atuluka ndi nkhwangwa kuti akanule buti. Ndaima kutsogolo kwake, manja tambalala. Penti imeneyi! Ndikuti dikirani, katswiri akubwera mawa, diresi lituluka bwinobwino.

Alamu aja afika ndi thumba la mpunga wa ukwati panjinga. Akuti ku Milange anaona galimoto yonga yomweyi ikudzutsidwa ndi batire la njinga yamoto, ati m'boneti muli kabokosi kofiira kolumikizapo mawaya. Ndaseka mpaka kutsokomola. Kabatire konga njerwa kadzutse galimoto ya mamiliyoni? Ndati: "Alamu, izi si za kabaza." Angoti chabwino, n'kutsitsa mpunga wawo.

Tiyamike walanda nkhwangwa m'manja mwa amake, n'kulankhula motsitsa: "Asiyeni ababa, amayi. Nayonso ndi mwana wawo."

Mawu amenewa andilasa. Chakudya sichinalowe.

Loweruka

Sikisi koloko. Seveni. Hafu pasiti seveni foni yalira. Katswiri uja ali pamzere wa mafuta ku Limbe kuyambira dzulo!

Pamzere wa mafuta!

Ndathamangira nkhwangwa ndekha. Amake Tiyamike andigwira mkono: "Nthawi yake inali dzulo. Abusa akudikira."

Mmene zayendera:
- diresi, lobwereka kwa mnzake wa kukwaya, lalitali, aligwira ndi mapini kumsana
- galimoto ya mnzawo wa asebele, palibe, ndinaikana ndine
- mkwatibwi, pa njinga ya alamu, atakhala chammbali, maluwa m'manja
- maliboni amene ndinagulira galimoto, pa mahandulo a njinga
- ine, pa kabaza wina kumbuyo, suti itakwinyika

Anzawo a alamu abwera ndi njinga zawo, mahutala mpaka ku Likhubula. Amayi othyola tiyi akuimba nthungululu m'mbali mwa msewu. Tiyamike akuseka, koma dzanja limodzi lili kumsana kugwira mapini. Ndaona. Anthu ena sanaone, ine bambo wake ndaona.

Pakhomo la tchalitchi asebele andigwira dzanja ndi manja awiri, mwaulemu wonse: "Yanu ija yamwa chiyani, asebele?"

Ndangoyang'ana nsapato zanga.

Lamulungu

Tiyamike wapita ndi mwamuna wake ku Luchenza pa minibasi yam'mawa. Amayi apampando ndakawapepesa kutchalitchi, andiyankha ndi mphuno.

Alamu abwera kudzatsanzika. Ndawatengera pambali kuti aneba asamve. "Alamu, kabokosi kofiira kaja munati kali pati?"

Sanandiseke, ndipo zimenezo zandipweteka kuposa. Amasula batire la njinga, mawaya awiri, kabokosi kali pomwe ananena. "Dinani, alamu."

Ndadina. Nyali ngwee! Mayi wa Chijapani wandipatsa moni mwaulemu ngati palibe chachitika. Sizinakwane mphindi ziwiri. Mphindi ziwiri, abale, ndipo munthuyu anali pabwalo pano Lachisanu.

Buti yatseguka. Diresi lili phee m'pulasitiki mwake, loyera mbee, losavalidwa. Pakona, kuseri kwa kachivundikiro, kabatire kaja. Kakang'onodi.

Ndalijambula diresilo n'kumutumizira Tiyamike, ndi mawu akuti pepa mwana wanga. Wayankha: "Lisungeni momwemo ababa, m'menemo simulowa munthu."

Ndalisiya momwemo. Koma buti sindinatseke, ndaitchinjiriza ndi mpini wa nkhwangwa.